Chitseko Chimene Ndinalipira

Ine nthawi yopeka nkhani ndilibe. Ndimagulitsa nsomba zowamba ku msika wa Kejetia mumzinda wa Kumasi, ndipo amene anagulapo pabenchi langa akudziwa kuti nsomba ya dzulo ndimaitchula ya dzulo. Zimene ndikunenazi mwana wanga wamkazi Pomaa anazimva ndi makutu ake. Gyamfua wokazinga nthochi, amene timagawana naye khoma kuno ku Bantama, anazimva. Sulemana wogulitsa masewera a pa kanema a kaunjika ku Adum anazimvanso, ngakhale masiku ano mukamufunsa amayang'ana kumbali. Onsewa ali moyo. Wokayika akawafunse, asandichedwetse ine.

Mwana wanga wamwamuna, Twumasi, anamwalira kunja, ku dziko lozizira kumene ankagwira ntchito. Chinali chifuwa. Mtembo sunabwere. Anzake anatitumizira tsitsi ndi zikhadabo zake m'kabokosi, ndipo ndi zimenezo tinakaika kumudzi. Maliro tinachita bwino ndithu, anthu anadya, ng'oma zinalira. Koma nkhope ya mwana wanga sindinaione, ndipo palibe ng'oma imene ingakonze zimenezo.

Ntchito yake inali yoika mawu ndi phokoso m'masewera a pa kanema, aja oopseza anthu. Atandiuza koyamba ndinati, "Anthu azilipira kuti aopsezedwe? Abwere adzafunse mtengo wa makala, aopa ulere."

Ulendo wake womaliza kubwera kuno ankangozungulira m'nyumba ndi kachipangizo kojambulira mawu, kaubweya ngati mchira wa gologolo. Ndikusinja chinangwa chophika cha fufu, nsima yathu ya kuno, iye ali pambali pa mtondo. Ndikutsegula chitseko cha kukhitchini chimene chimalira chija, iye, "Amayi, tabwerezani." Ngakhale masilipasi anga akukhwekhwereza pasimenti anawajambula.

"Nanga chilombocho chili kuti?" ndinamufunsa.

"Mulibe chilombo, amayi. Chilombo ukachiona mantha amatha. Munthu amaopa akamadikira."

"Ndiye aziopa chiyani, mtondo wanga?"

"Lamulo lanu lija."

Lamulolo si langa ndekha, mwana aliyense wa mu Kumasi amakula nalo: ukamva wina akukuitana koma sukumuona, usayankhe. Yamba wamuona. Amene amayankha mawu opanda mwini amapita nawo. Masewera akewo anawamanga pa chimenechi. Umayenda m'nyumba yopanda anthu, mawu akukuitana uku ndi uku. Ukamupeza woitanayo ndi maso, wapulumuka. Ukadina batani loyankha usanamuone, kanema amada bii, wafa.

Pobwerera anasiyira mlongo wake makina osewerera. Makinawo anakhala pansi pa bedi mpaka fumbi.

Chaka chitatha chimwalirireni, chinandigwira chinthu chimene sindinachiyembekezere. Zithunzi ndinali nazo, koma chithunzi sichilankhula. Foni imene munali mawu ake inabedwa m'minibasi. Ndinayamba kuiwala mmene ankasekera. Ndimati ndikayesa kukumbukira, ndimamva kuseka kwa bambo ake. Ndiye ndinati: ngati anaikamo masilipasi anga, mwina anaikamo ndi kutsokomola kwake komwe. Ndinamanga nsalu, ulendo wa ku Adum.

Sulemana amagulitsa zimbale za masewera zimene zimabwera m'makontena pamodzi ndi mafiriji akale. Atandiona anaseka.

"Amayi a nsomba! Mwasochera? Kuno sitigulitsa mchere."

"Tseka pakamwa, ntchentche zingaikire mazira. Ndikufuna masewera a nyumba yoitana anthu."

Anafufuza m'katoni n'kutulutsa chimbale, chikuto chake chosweka pakona. Anatchula mtengo.

"Mtengo umenewo ukuphatikiza iweyo ndi mkazi wako?"

"Amayi, ana anga adya chiyani?"

"Adya zimene anadya dzulo. Taona chikutochi, ngati chinapondedwa ndi lole."

Tinakokana mpaka anadula pakati, n'kundiikirapo chingwe chaulere. Ndikunyamuka anandigwira mkono.

"Koma mudziwe, ichi n'chakale. Chatsopano chimabwera ndi nambala yotsegulira chipinda china cha pa intaneti, mmene osewera a mayiko ena amaitanirana. Nambalayo imagwira kamodzi, ndipo mwini wake woyamba anaidya kale. Mukachifuna chipindacho, mulipiranso kwa eni masewera."

"Ndigule mbuzi, kenako ndilipirenso kuti izilira? Akhale nacho chipinda chawocho."

Tinayatsa Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi. Inali nyengo ya fumbi lochokera kumpoto, milomo ikung'ambika. Pomaa anagwira kamabatani kaja, ine ndinakhala pampando pafupi ndi kanema. Nyumba imene inatuluka pagalasi inali yanga. Khonde lomweli, mgolo wa madzi pakona pomwepa, koma mopanda munthu. Patali munsi unkagunda mumtondo. Kenako masilipasi, khwe, khwe, khwe.

"Ndine ameneyo!" ndinatero. Ndinaseka, kusekako n'kusanduka zina.

Mawu oitana analimo, koma anali a alendo, achizungu. Sanandiopse, ndamva zoposa pamenepo kwa anthu oledzera. Mawu a Twumasi munalibe. Pomaa anayenda nyumba yonse mpaka kumapeto kwa khonde, pamene kuno kwathu pali chipinda cha mchimwene wake. Pagalasipo panali chitseko chotseka, chili ndi loko ndi malemba.

"Apa ndi polipira paja, amayi."

"Tiye tibwerere."

Asanatembenuke, nkhuku za Gyamfua kuseri kwa khoma zinasiya kulira. Zonse nthawi imodzi. Kunja dzuwa linali phwee. Kenako kunabwera fungo. Ine fungo limenelo ndimalidziwa, ndi limene limakumenya kumaso akatsegula chipinda cha ayezi kumene timapikula nsomba. Fungo lozizira. M'nyumba mwanga, m'nyengo ya fumbi.

"Amayi."

Mawuwo anachokera kuseri kwa chitseko cha pagalasi chija. Sanali okweza. Anakoka kumapeto, mmene ankachitira akafuna kupempha kanthu.

Pomaa anandifinya bondo. "Musayankhe."

"Ndikudziwa," ndinanong'ona.

"Mwina anachita kujambula," anatero Pomaa.

Tinadikira. Munsi uja unali utasiya kugunda.

"Amayi, mwendowo mwatani?"

Mwendo wanga wamanzere unali womanga ndi nsalu. Ndinagwera m'ngalande ku msika, miyezi ingapo iye ataikidwa kale.

Pomaa anayang'ana kuseri kwa makina, n'kundiyang'ana ine. Milomo yake inali itayera.

"Amayi, intaneti sitinalumikize n'komwe."

Anazimitsa. Nkhuku zinayambiranso.

Lamulungu lotsatira ndinaitana Gyamfua, kuti mawa anthu asadzati mayi ndi mwana apenga limodzi. Analowa akupukuta manja, akunena kuti iye za ana sizimuopsa. Tinafika pachitseko paja. Kuzizira kunabwera.

"Amayi." Kenako, mwaulemu wake uja: "Azakhali a Gyamfua, mafuta anu akupsa."

Gyamfua anatuluka osatsanzika. Anapeza chiwaya chikufuka utsi wakuda. Mpaka lero pakhomo panga amaima panja, salowa.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ndinkakhala pampando paja. Pomaa ankalira, koma ndinkamuuza kuti agwire mabataniwo kapena andiphunzitse. Twumasi sankanena zambiri. "Mwadya?" Tsiku lina, "Kuno kukuzizira." Tsiku lina ankangopuma, ine n'kumamva mpweya wake ukulira m'chifuwa. Ndinkaluma nsonga ya nsalu kuti pakamwa pasatseguke. Inu amene munabereka, taganizani. Mwana wako akukufunsa ngati wadya, iwe duu ngati chitsa.

Kenako anayamba kufunsa zina.

"Amayi, mwandikwiyira?"

Ndinaluma nsalu mpaka inabooka.

"Amayi, ndikudziwa muli pomwepo. Bwanji simukundiyankha?"

Sabata yotsatira mawuwo anamveka patali, ngati munthu amene wachoka pachitseko n'kukakhala kukhoma la kutsidya. Sabata inayo, patali kuposa. Ndinaona kuti mwanayu akutopa.

Ndinauza Pomaa tikusenda chinangwa. "Lamulo likuti usayankhe amene sukumuona. Silikuti usamuone. Titsegule chitsekocho, ndimuone, ndimuyankhe."

"Nanga mukapeza kuti si achimwene?"

"Ndiye ndiona kuti si iyeyo."

"Amayi, ndatsala ndi inu nokha."

"Sindikupita kulikonse. Ndikufuna kungomuuza kuti ndadya."

M'mawa mwake ndinasiya benchi, ndinapita kwa Sulemana.

"Uwauze eni akewo kuti ine ndine mayi wa amene anaika mawu. Mtondo uli m'menemo ndi wanga, masilipasi ndi anga, sanandipatse kanthu. Adule theka."

"Amayi, ndi makina palibe kunenerera. Alibe nkhope yoti muichititse manyazi."

"Palibe munthu woti ndilankhule naye?"

"Palibe. Mtengo ndi womwewo kwa mfumu ndi kwa wamisala."

Ndinamasula mfundo ya nsalu n'kumuikira ndalama patebulo, zonse mmene anatchulira. Anaziyang'ana, anandiyang'ana.

"Amayi a nsomba, mwadwala?"

"Ubwere Lamulungu ndi khadi lako la kubanki. Usachedwe."

Anabwera, nthabwala zili m'kamwa. Anati akufuna aone mzukwa umene walipiritsa mayi ameneyu mtengo woyamba. Analumikiza makina ku foni yake, analemba manambala, zinatheka. Loko wa pagalasi anasintha mtundu. Anatenga kamabatani kwa Pomaa n'kuyenda yekha pakhonde paja, akuimba mluzu.

Nkhuku zinakhala chete.

Mluzu unatha.

Kuzizira kunalowa, kwambiri kuposa masiku onse. Ndinaona ubweya wa pamkono wa Sulemana ukuima.

"Amayi."

Pafupi. Pachitseko penipeni, ngati waika mlomo pamng'alu. Anali atabwerera.

Sulemana anayamba kupemphera chapansipansi m'chinenero chakwawo. Chala chili pabatani, koma osadina.

"Amayi, ndi inu?"

"Tsegula," ndinatero.

"Amayi a nsomba, ine…"

"Ndalipira. Tsegula."

Anadina. Loko anagwa. Chitseko chinalira kulira kwa chitseko changa cha kukhitchini.

Munalibe munthu.

Makoma anayi. Zenera. Pansi popanda ngakhale mphasa.

Ndinaimirira, mwendo ndinauiwala. Ndinaika nkhope pagalasi. Ndinauza Sulemana atembenukire kumanja, kumanzere, ayang'ane kuseri kwa chitseko, ayang'ane kudenga. Kenako mawu anakhamukira m'chipindamo ngati msika watsegulidwa: ana a kunja, ambirimbiri, akuitanizana mayina, akuseka, wina akuuwa ngati galu. Kutentha kunabwerera. Tambala wa Gyamfua analira.

"Ndili pano!" ndinakuwa. "Twumasi! Ndili pano, mwanawe! Ndadya! Sindinakukwiyire!"

Kamwana kena ka kutsidya kwa nyanja kanandimva kudzera m'makinamo. Kanayesa kunditsanzira, anzake n'kuseka. Pomaa anazula chingwe kukhoma.

Twumasi sanaitanenso.

Sulemana akuti chimbale sichisunga kanthu ka mwini wake wakale, chili ngati mbale yotsuka. Pomaa anafunsa mnzake wa Twumasi amene ankagwira naye ntchito. Iye anati Twumasi sanajambulepo mawu ake m'masewera alionse, ankati mawu ake ndi oipa. Ndinagula chimbale china chakale cha masewera omwewo, ndinabwereka makina ena. Chitseko chinali chotseka bwinobwino, loko ali pomwepo. Kuseri kwake kunali zii.

Pa makina athu chitsekocho chili chotsegula mpaka lero. Ndinabwerera ku Adum n'kumufunsa Sulemana kuti ndilipire zingati kuti achitsekenso. Ndinati atchule yekha, sindinenerera. Sanaseke. Anati mtengo umenewo kulibe.

Mabatani ndinaphunzira, Pomaa sindimuvutitsanso. Lamulungu masana ndimazula intaneti kuti ana aja asasokose, ndimayenda pakhonde paja, n'kukaima pakhomo pa chipinda chopanda kanthu. Sabata yapitayi nkhuku zinakhala chete pang'ono. Kuzizira kunabwera, kunaima pambali pa mwendo wanga wodwalawu, kenako kunachoka. Mawu panalibe.

Pomaa akuganiza kuti ndikudikira kuti ndimuone. Ndamusiya aziganiza choncho. Za kuona ndinathana nazo. Akangoitana, kaya ali kuseri kwa chiyani, ine ndiyankha.