Mendulo Yokwecha ndi Mchenga

Kutunga madzi ku Rivirivi, kusinja mphale, kuchapa matewera a Janet, kutsekulira mbuzi: zonsezi Sabina anamaliza dzuwa lisanatenthe. Ntchito yotsala inali mendulo.

Mwamuna wake, Wadson, anabwera nayo kuchokera kunkhondo ya ku Burma, kumene ankanyamula asilikali ovulala pamachira. Tsono ku Balaka kunali mzungu wogula thonje amene ankatolera mamendulo a anamwino ndi onyamula ovulala, ndipo analonjeza kupereka bulangete. Chisanu cha Juni chinali chitaluma, Janet akutsokomola osaleka.

"Chitsulo sachifunda, bambo a Janet," Sabina anawauza dzulo lake. Wadson anavomera ndi mutu wokha.

Koma chinthu chakuda bii chonchi, munthu n'kupita nacho kwa mzungu? Sabina anatapa mchenga ndi phulusa, n'kuikwecha ngati mphika mpaka inawala mbee.

Sabina ndi Wadson atafika nayo ku Balaka, mzunguyo anaitembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu.

"Akuti mwaipha," anamasulira kalaliki wake. "Dzina la m'mphepete lafufutika, nkhope ya mfumu yasalala ngati chipande. Sailandira."

Sabina anatuluka, mwana akutsokomola kumsana. Asanapitirire msika, anamva Wadson akuimba mluzu.

"Inu! Bulangete latiphonya, mukuimba mluzu?"

Wadson anaseka mwamanyazi, mendulo ataifumbata. "Amayi a Janet, kunkhondo kuja ndinali ndi mnzanga Lyford, wa kwa Kawinga. Machira atathyoka, ndinamubereka kumsana ngati mmene mwaberekeramu. Anafera pamsana panga, chipatala tikuchiona. Ndikaigwira iyi, ndimamva kulemera kwake. Mchenga wanu sunafike pamenepo."

"Nanga osanena bwanji?"

"Mwana amatsokomola."

 Sabina anamangitsa nsalu yoberekera. "Bisani chitsulo chanucho m'thumba, angasinthe maganizo mzunguyo. Tiyeni."

M'mawa mwake anabwereranso yekha ku Balaka, dengu la nkhuku lili pamutu, n'kusinthanitsa ndi bulangete lakale kwa mayi wina wa pamsika.

Zonse pamodzi zinadya nkhuku zake zoikira mazira, tambala yemwe, masiku awiri osatola thonje, ndi nkhope ya mfumu ya ku Mangalande. Janet anagona mofunda.