Wondilandira Wafika

Sisitala wamkulu anali atawachenjeza mabwana kawiri konse: "Anthu anga atheratu. Tsiku lina mudzawatola pansi." Mabwanawo anagwedeza mitu, n'kuwonjezera mabedi awiri m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

Namwino wina wa m'chipindamo, mayi wa mwana woyamwa, anaweruka 11 koloko usiku atagwira ntchito chiyambire mbandakucha. Anasiya dokotala akusinza pampando, wochititsa odwala mafizo atadzitsekera m'bafa akulira. Maminibasi anali atatha, ndiye anauyamba wapansi. Mkaka unali utanyowetsa yunifomu, ndipo makina a m'chipindamo ankamulirirabe m'makutu: tii... tii... tii...

Pa mlatho anapeza mayi wina ataima. Yunifomu yachikale, kawotchi pachifuwa, faelo m'manja.

"Mwafika, Sisitala? Koma ndiye ndadikira."

Asanayankhe, mayiyo anayamba kupereka lipoti, monga amachitira anamwino posinthana. "Bedi loyamba, mpweya ukutsika. Wa bedi lachiwiri mumutembenuze 2 koloko. Wa lachitatu watisiya, achibale sanauzidwe..."

Namwino anayang'ana pansi. Nsapato zoyera za mayiyo zinkachucha madzi. Mvula inali isanagwe mwezi wonse.

"Mwalandira?"

Pakamwa pozolowera panayankha pokha. "Ndalandira."

Mayiyo anausa moyo. "Zikomo. Ndikagoneko tsopano."

Tii... tii... Pa mlatho panalibe munthu!

Namwino anathamanga mpaka kwa aneba omusungira mwana, mayi amene anapuma pa ntchito yokolopa m'chipinda chomwecho cha kuchipatala. Anawafotokozera ali wefuwefu, mwana ali kale kubere.

"Wa kawotchi pachifuwa?" anebawo anakhala pansi. "Ameneyo tinamuvuula pansi pa mlathowo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anagwira masiku atatu popanda womulandira, ndiye anasinza akuyenda. Mabwana anatumiza maluwa, mawa lake n'kumafunsa kuti alowe ndani usiku." Anamuyang'anitsitsa. "Inuyo mwamuyankha chiyani, amake mwana?"

Foni ya namwino inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wochokera kwa mabwana: wa m'mawa wadwala, mubwere 5 koloko.

Anauwerenga kawiri. Njira yopita kuntchito inali imodzi yokha, yodzera pa mlatho. Mwana ankayamwa atagwira kolala ya yunifomu ndi tizala take, ngati akudziwa kuti amayi ake achokanso.

"Amayi, ndibwerekeni chikwama chachikulu. Basi yoyamba imanyamuka 4 koloko. Ine ndi mwanayu tikupita kwathu, kusanache."

"Nanga odwala, mwanangu?"

Namwino anazimitsa foni, n'kumusinthira mwana bere.

"Akawalandire mabwana."