Mpando wa Kaputeni M'shedi ya Ba Fackson

Anthu awiri amene amafotokoza zimenezi akali moyo. Ba Fackson Mbewe amakhala ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue ku Zambia, ndipo Mainess, yemwe ankagulitsa vitumbuwa pageti la mafakitale, tsopano ali ndi kasitolo pamsika wa Kafue. Mukawafunsa aliyense payekha, mawu awo sasiyana, kupatula pa chinthu chimodzi. Zinachitika mu Okutobala wa 1996, masana dzuwa likuswa mtengo.

Davison Sakala anali woyendetsa ndeke, wachiwiri kwa kaputeni, mpaka kampani yawo inatsekedwa m'zaka zija makampani aboma ankagulitsidwa. Anabwerera ku Kafue kumene anakulira, n'kuyamba kuyendetsa minibasi ya mlamu wake pamsewu wa ku Lusaka. Patapita nthawi, kampani ina yatsopano ya ndeke zing'onozing'ono inamuitana kukayesedwa. Analephera. Sikuti ntchito anali ataiiwala ayi. Woyesa atangozimitsa injini imodzi, manja a Davison anauma gwa pachiwongolero, thukuta likutsika mumsana, m'makutu mukungomveka mtima wake wokha. Anamuuza kuti abwerenso pakatha milungu iwiri, ndipo umenewo ukhala mwayi womaliza.

Ba Fackson anali makanika wa kampani yotsekedwa ija. Katundu akugulitsidwa, iwo anatenga makina akale ophunzirirapo kuyendetsa ndeke, n'kuwaika m'shedi ya fakitale ina imene inasiya kugwira ntchito. Linali bokosi lalikulu lachitsulo, m'kati muli mipando iwiri, ziwongolero ziwiri zoyendera limodzi, mawotchi onse a m'ndeke, ndi galasi loonetsa mitambo ndi bwalo loterapo. Munthu ukadzitsekeramo, unkaiwala kuti uli pansi. Mphunzitsi ankakhala padesiki kunja kwa bokosilo, n'kumalankhula nawe m'mahedifoni.

"Vuto yako si ndeke, mufana wanga," anatero Ba Fackson tsiku loyamba. "Ni mantha. Ukamvela manja yauma, puma. Penda kufika folo, tulutsa mphepo, uyang'ane wochi imozi chabe."

Masiku anayi Davison anayesa, masiku anayi ndekeyo inagwa. Ankatuluka malaya atanyowa, osafuna kuyang'ana mkuluyo kumaso.

Tsiku lachisanu kunatentha koopsa. Malata a shedi ankathetheka, nyenje zikulira m'mitengo ya kuseri, fungo la feteleza likubwera ndi kamphepo. Davison analowa m'bokosi cha m'ma 2 koloko, n'kukhala pampando wake wa kumanja. Wa kumanzere, wa kaputeni, unali wopanda munthu monga masiku onse.

"Lelo nizakupasa mvula na injini imozi," anatero Ba Fackson m'mahedifoni.

Ndeke inanyamuka bwino. Kenaka galasi linada ndi mitambo, mvula ikuwomba. Injini ya kumanzere inatsokomola, n'kuzima. Manja aja anayambanso kuuma. Davison anakoka mpweya, akuwerenga mumtima. Wanu. Thuu.

Pamenepo anamva kuti sakupuma yekha.

Sikunali m'mahedifoni. Kunali kumanzere kwake, pafupi. Kupuma kwa befu, kwa munthu amene wathamanga mtunda wautali. M'bokosimo munazizira. Munamveka fungo la matope a m'dambo, losakanikirana ndi mafuta a ndeke. Mpando wa kaputeni unalira, monga umalirira munthu akakhalapo.

Davison sanacheuke. Khosi linakana.

"Ba Fackson," ananong'ona, "osasewela so."

M'mahedifoni munali zii.

"Sindikuliona bwalo," anatero mawu kumanzere kuja. Anali mawu a mwamuna wachikulire, otsika, onjenjemera, Chinyanja chake chakumudzi. "Ndazungulira nthawi yaitali. Mafuta atha. Sindikuliona."

Chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja mwa Davison. Sanali iye. Wina anali atagwira cha kumanzere, akuchikokera mbali. Ndeke inapendekeka. Muvi wa wotchi yoonetsa kutalika unayamba kutsika. Unkatsika msanga.

Davison anafuna kukuwa, koma kunjenjemera kumene kunkabwera m'chitsulocho anakuzindikira. Ankakudziwa bwino. Anali mantha omwe aja amene anamulepheretsa mayeso, kungoti lero anali m'manja mwa wina.

"Ba Kaputeni," anatero. "Pumani. Pendani na ine."

Anayamba yekha.

"Wanu," anatero Davison.

"Wanu," mawu aja anabwereza, movutikira.

Anawerenga limodzi mpaka folo. Anayambiranso. Kachitatu, kupuma kuja kunatsikako.

"Siyani manje," anatero Davison. "Nagwila ndine."

Mawu aja anamvekanso.

"Mwagwira ndithu?"

"Nagwila."

Chiwongolero chinapepuka. Davison anayang'ana wotchi imodzi, anaweramutsa phiko, anayang'ana ina. Manja ake anali phee. Mitambo inang'ambika, ndipo patsogolo panaoneka bwalo. Silinali bwalo la ku Lusaka limene linali m'makinawo, limene iye ankalidziwa ngati khomo la nyumba yake. Linali kabwalo kadothi, kopapatiza, pakati pa udzu wautali, mbali zonse kukuyaka timoto ta m'zitini.

Anatsika. Anatsikabe. Matayala anagunda pansi, bokosi lonse linagwedezeka, kenaka bata.

Kumanzere kunamveka mpweya wautali ukutuluka. Lamba wa mpando anamasuka. Khethe. Chitseko kumbuyo kwake chinatseguka, kuwala kwa dzuwa kunalowa. Mapazi anatsika masitepe atatu achitsulo, pang'onopang'ono.

Davison anamasula lamba wake. Atatuluka anapeza padesiki palibe munthu, mawotchi a padesikipo onse ali ozima. Ba Fackson anatulukira kukhomo la shedi akuthamanga, chitsulo chotsegulira matayala chili m'manja.

"Watsegula bwanji?" anafunsa, akupuma movutikira. "Malaiti yanayenda ukangonyamuka chabe. Nakuitana, nagogoda, chitseko chakana. N'chifukwa nayenda kufuna chitsulo."

"Koma nenze kumbululuka, ba Fackson. Natela manje manje."

Mkuluyo anagwira mbali ya makinawo. Inali yozizira. Anasuzumira m'kati. Mpando wa kumanzere unali wonyowa, pansi pake pali madzi amatope ndi timasamba ta udzu wa m'dambo. Mvula inali isanagwe ku Kafue kuyambira Epulo.

Ba Fackson anakhoma shediyo tsiku lomwelo, ndipo makinawo sanawayatsenso. Amati anawagula opanda mapepala, sadziwa kumene anachokera asanafike ku kampani yawo, kapena amene anaphunzirirapo. Davison anapita kukayesedwa sabata yotsatira. Woyesa atazimitsa injini, iye anangokoka mpweya n'kupitiriza, ndipo ntchito anaipeza. Za tsiku lija safuna kufunsidwa.

Mainess ndiye ali ndi mbali yotsala. Amati masana amenewo, Ba Fackson atangomudutsa pageti ndi chitsulo chija kubwerera kushedi, kunatulukira bambo wina wamtali, wa imvi, atavala malaya oyera a mizere pamapewa, opanda nsapato. Buluku lake linali lonyowa mpaka m'chiuno. Ba Fackson amalumbira kuti sanakumane ndi munthu, chonsecho njira yake ndi imodzi. Bambo wa imvi uja anaima patsogolo pa beseni la vitumbuwa, n'kumayang'ana pansi, akuponda dothi ndi zala za kumapazi.

"Amayi, kuno n'kuti?"

"Ni ku Kafue, atate."

"Chaka chanji?"

Mainess anamuuza. Bamboyo anayamba kuwerenga pazala. Zala zinatha, anayambiranso, zinathanso. Anapukusa mutu, n'kuyamba kuyenda kulowera kunjanji. Mainess anawerama kuti avundikire beseni, ndipo poweramuka msewu unali mbee, wopanda munthu. Mapazi onyowa anaoneka m'fumbi, khumi ndi awiri, n'kuthera pakati pa msewu.