Khobidi la pa Denga

Tsiku limene akaidi aakazi anatsitsidwa m'sitima, mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka. Miyezi isanu ndi itatu panyanja, kenako n'kukutayani pamatope a ku Sydney Cove, kopanda nyumba, kopanda msewu, mitengo yokhayokha! Keziah Trimble anaima ndi kamtolo kake m'khwapa, akutukwana chamumtima woweruza wa ku London amene anamupatsa zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha mipango itatu yokha.

"Chemwali, mvula imeneyi si yanu nokha. Bwerani tigawane."

Anali mkaidi mnzake, wamtali, wamano oyera, atatambasula jekete pamwamba pa mutu wa Keziah.

"Ndinu ndani inu?"

"Silas Pennock, mmisiri wa matabwa. Koma kuyambira lero ndine denga lanu."

"Denga lodontha chonchi?"

Silas anaseka, Keziah nayenso anaseka. Kuseka kumeneko n'kumene kunamupweteketsa mwana wa eni.

Akazi ankagona khumi ndi awiri mu tenti imodzi. Wina mkonono, wina nsabwe, wina kukubera chipeso uli pomwepo. Ndiye bwanamkubwa atalengeza kuti akaidi ofuna kukwatirana azipatsidwa kamalo n'kumanga kanyumba kawo, Keziah sanalotenso china. Iye ankangofuna chitseko chakechake chisanu chisanafike. Ndipo dziko lozondokali chisanu chake chimabwera mu Juni!

"Duwa langa, ndikumangira nyumba yoti ngakhale asilikali azichita nsanje," Silas anatero atakhala pachitsa. "Pasanathe milungu inayi, ukhala ukutseka chitseko chako."

"Pakamwa pokha mumatha, abambo inu."

"Sukundikhulupirira? Tambasula dzanja."

Anamuikira khobidi. Tonse tinkawadziwa makobidi otere. Mkaidi asanachoke ku England ankakwecha khobidi pamwala mpaka nkhope ya mfumu itafufutika, n'kulembapo mawu ndi msomali, kusiyira amene ankamukonda. Keziah analibe womulembera, analibenso womusiyira. Lero nali m'manja mwake, lili ndi kamtima ndi timizere tinayi ta zilembo.

"Ine sukulu sindinapondeko. Palembedwa chiyani?"

Silas anayendetsa chala pang'onopang'ono. "Keziah, nyenyezi yanga. Iwe wekha mpaka imfa." Kenako anamupinda zala. "Sabata yonse ndakhala ndikulemba. Koma usaonetse munthu, kuno n'kwa mbava zokhazokha."

"Kuphatikizapo inu."

"Ine ndinangoba mtima umodzi."

Abale, mawu ngati amenewa ndani sangagwe nawo? Keziah analisokerera khobidilo m'kati mwa diresi, pafupi ndi mtima.

Milungu inayi inatha, nsichi zinayi zokha zitaima. Lero nkhwangwa yabuntha. Mawa mitengo yakuno ndi yolimba ngati mwala. Mkuja msana. Chodabwitsa, msanawo unkapola Loweruka lililonse, tsiku logawa chakudya.

"Wapamtima, munthu womanga amafunika mphamvu. Kaufa kako katsalako?"

Akazi ankalandira ufa wochepa kuposa amuna, koma Keziah ankadula pakati n'kumupatsa. Tsiku lonse ankatola zigoba za nkhono zowotchera laimu wa nyumba za akuluakulu, akaweruka n'kukaponda dothi la nyumba yake. Anamata zipupa yekha. Anasema yekha zikhomo za timatabwa ta padenga mpaka manja anatuluka matuza.

Tamsin, mayi wachikulire amene ankagona naye pafupi mu tenti, zinamukwana.

"Iwe, kodi mmisiri ndi ndani pamenepa? Iweyo ukuuma ngati nsomba yapadzuwa, mwamuna wakoyo masaya akungosalala!"

"Amandikonda, mayi. Muli ndi nsanje basi."

"Nsanje? Ine amuna atatu ndinakwirira, mwana iwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Keziah anangogwira pachifuwa pamene panali khobidi.

Kumayambiriro kwa Juni kanyumba kanatha, ngati kutha kwake n'kumeneko. Chitseko chinali chokhota, ndipo thabwa limodzi la padenga linali ndi kabowo kamene kankadonthera penipeni pogona.

"Ndikonza mawa, shuga wanga."

Mawa la Silas! Komabe abusa anali atavomera kuwadalitsa Lamulungu pansi pa mtengo waukulu. Mphete kunalibe m'dziko lonselo, choncho Keziah anaganiza zodabwitsa mwamuna wake. Loweruka masana anapita kwa bambo Gideon, wosula zitsulo.

"Bambo, ndiboolereni ichi. Ndikufuna ndivale m'khosi mawa paukwati wanga."

Mkuluyo anagogoda kawiri, bowo linatuluka. Analipukuta pamalaya, n'kuliyang'ana chotsinzina.

"Ntchito yabwino iyi. Tenga, Dorcas."

"Ndine Keziah, bambo."

"Nanga khobidili walitenga kuti?"

"N'langa! Palembedwa dzina langa!"

Bambo Gideon anaika nyundo pansi. "Mwana wanga, ukufuna ndikuwerengere?"

"Werengani."

"Dorcas Pennock, mkazi wanga. Zaka zisanu ndi ziwiri si zambiri. Usamale ana. Ndidzabwera." Anatsokomola. "Ndipo chaka chake ndi chathachi. Ili linalembedwa tisananyamuke."

Keziah anawalanda khobidilo. Miyezi inayi akugona ndi dzina la mkazi wina pamtima! Akulipsompsona! Akuligonera ndi njala! Misozi inafuna kutuluka, koma mkwiyo unaitsogolera.

Anamupeza Silas atakhala pakhomo la kanyumbako, akudya mkate wa ufa wa Keziah.

"Mkwatibwi wanga wafika!"

"Ndiwerengerenso." Anamuponyera khobidi pamiyendo.

"Keziah, nyenyezi ya..."

"Dorcas ndi ndani?"

Silas anayang'ana kumanzere, kumanja, ngati yankho lili m'tchire.

"Mvetsera, wokondedwa. Ndinamulembera tili padoko, koma sitima inanyamuka asanafike. Ndikanalitaya? Mkuwa wabwinobwino?"

"Ana ndi angati?"

"Atatu. Koma England ili kutali, duwa langa! Dzuwa lenilenilo likatuluka kuno, kumeneko kumakhala kutada. Ukwati wa kumeneko ungawoloke nyanja yonseyi?"

"Chabwino. Zaka zako zikatha, sitima itaima apo, ukwera kapena utsala?"

Silas, munthu amene pakamwa pake sipankauma, anangoti kukamwa yasa. Keziah anadikira. Anadikirabe, chifukwa mtima ndi wopusa, unkafunabe kumva bodza limodzi lomaliza. Silinabwere.

"Ndiye ine ndinali ndani? Wophika wa zaka zisanu ndi ziwiri?"

"Usatero, wapamtima..."

"Wapamtima wako ali ku England ndi ana atatu, akuyang'ana kunjira! Ndi ine wandinamiza, ndi iyenso wamunamiza. Ngakhale khobidi lakelo wamubera!" Anatola khobidilo, n'kumulanda mkate wotsalawo. "Dzuka pakhomo panga."

"Pako? Malo ano anatipatsa awiri!"

"Dothi ndinaponda ndani? Zikhomo anasema ndani? Pita ukadandaule. Ine ndikawaonetsa abusa khobidili, ndione ngati msana wako wodwaladwalawo ungapirire zikoti za munthu wofuna kukwatira kawiri."

Silas anadzuka. Anafika pamtengo woyamba n'kutembenuka, mwina poganiza kuti amuitana. Keziah anatseka chitseko. Chinakana, anachikankha ndi phewa mpaka chinatsekeka. Ndipo m'menemo, kuseri kwa chitseko chake choyamba m'moyo wake, analira ngati mwana.

Lamulungu m'mawa, ena akupita kumtengo waukulu atatchena, Tamsin anafika ndi bulangete lake ndi kapoto.

"Kapitawo akuti bola mutuluke kuntchito belu likalira, za amene akugona muno alibe nazo ntchito. Walira zokwanira?"

"Ayi."

"Uzilira uku ukugwira ntchito. Mvula iyo ikubwera, ndipo ine sindigona podontha. Mwamuna wakoyo akagone kutenti, aphunzire kuti mapanga awiri avumbwitsa."

Keziah anayang'ana kabowo ka padenga, n'kuyang'ana khobidi m'dzanja lake. Anabwereka msomali umodzi kwa bambo Gideon, anakwera pamgolo, n'kulikhomera pamwamba pa kabowoko, zilembo zikuyang'ana kumwamba.

Mvula inagwa masana onse. Akazi awiriwo anakhala pansi, maso ali kudenga. Silinadonthe ngakhale dontho limodzi.

"Mwaona, mayi?" Keziah anatero akupukuta m'maso. "Anandilonjeza kuti adzakhala denga langa. Pepani a Dorcas, koma apa pokha ndi pamene mwamuna wanuyu wanena zoona."