Bondo la Chipupa

M'nyumba ya wosoka nsapato munkanunkha guluu ndi chikopa, koma munali mtendere. M'mawa uliwonse ankayamba apemphera asanatsegule chitseko. Mwana wawo wamwamuna anali difenda, wotchinga kumbuyo pa mpira wamiyendo, ndipo timu yaikulu itamutenga, ochemerera anamutcha Chipupa. Amayi ake mpira sankaudziwa. Chomwe ankadziwa n'kayendedwe ka mwana wawo, moti ankamuzindikira ndi mapazi asanagogode.

Tsiku lina anamumva akukhwekhwereza phazi limodzi pakhonde.

"Bondolo latani?"

"N'kangozi kakang'ono, amayi."

Sikanali kakang'ono. Adokotala a timu anali atamuuza kuti apume, mowa asaukhudze, ndipo m'mawa uliwonse aziwongola bondolo ndi lamba wa labala. Bambo ake anamangirira okha lambayo ku mwendo wa bedi.

"Mwanawe," anatero, "nsapato ikang'ambika ndimasoka. Bondo ndilibe singano yake."

Koma panali mnzake wina, goloboyi wa pabenchi, amene magolovesi ake ankakhala oyera mbee chaka chonse. Amayi akuyanika zovala anamumva pawindo akunong'oneza.

"Aise, ukamagona apa malo ako atenga wina. Kuseri kwa msika kuli munthu wobaya jakisoni. Ukabayitsa, ululu zii. Adokotala uwauze kuti wachira, kenako tikamwe kamodzi."

"Nanga amayi akadziwa?"

"Amayi akowo amasewera namba chani?"

Anaseka onse awiri. Mnzakeyo atapita, amayi analowa.

"Iwe, ululu ukufuna kuuphawo ndi umene ukukuchenjeza."

"Amayi, inu zachipatala munaphunzira kuti?"

Mawuwo anawalasa mumtima.

Lamba uja anachita fumbi pansi pa bedi. Masewero asanayambe, jakisoni. Akatha, botolo. Pochapa, amayi ankapeza tithonje ta magazi m'masokosi. Anadandaula, bambo anakalipa, koma Chipupa anangoyamba kulowera khomo lakuseri.

Loweruka lina analumphira mpira wa kona n'kutera pa mwendo umene sunkamvanso kanthu. Bondo linapindikira kumbali. Anatuluka m'bwalo pamachira. Kuchipatala anapeza kuti mkati mwa bondo munali mafinya, ndipo kutupa kunkakwera kuntchafu.

"Mankhwala akapitiriza kukana, mwendowu tidula," adokotala anauza makolowo. "Sitikumvetsa mafinyawa achokera kuti."

Goloboyi uja sanaoneke. Timu inapeza difenda wina sabata yomweyo. Amayi anakhala pampando wa pulasitiki n'kumamupukuta thukuta. Chipupa anayang'ana mwendo wake nthawi yaitali, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, ndinakunyozani. Ndikhululukireni."

"Ine ndinakhululuka kalekale. Pepesa kwa Mulungu, kenako uwauze adokotala zonse, ndi pakamwa pako."

Anaulula za jakisoni wa kuseri kwa msika ndi za mowa, osabisa kanthu. Adokotala anapukusa mutu, n'kusintha mankhwala tsiku lomwelo.

M'mawa wina adokotala anabwera, n'kukanikiza ntchafu ija ndi chala.

"Mwendo wapulumuka," anatero adokotala. "Koma za mpira aiwale."

Amayi anatuluka panja, n'kukhala pamasitepe, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Bambo anawatsatira akupukuta m'maso ndi chipewa.

"Mayi a mwana, ndiye kuti ndizimusokerabe nsapato ziwiri."

Masiku ano Chipupa amakhala pambali pa bambo ake, kusoka nsapato za mpira za anthu ena. Mpira wake unatha usanapite patali. Madzulo amayi amamva mapazi pakhonde, lina likuponda, lina likukokeka, ndipo amathokoza Mulungu kuti alipo awiri.

Wachinyamata iwe, thupi ndi makolo akamakuchenjeza, usawatseke pakamwa ndi jakisoni, mowa kapena bodza. Mnzako wokuphunzitsa kunama sadzakhala pafupi ndi bedi lako kuchipatala. Chipupa anaulula nthawi idakalipo ndipo anatuluka ndi mwendo wake. Si onse amatuluka nawo.