Pakamwa pa Lachlan Geddes

Zaka makumi awiri Lachlan Geddes ankadyera pakamwa. Woweruza akagamula kuti munthu anyongedwe, Lachlan ndiye ankaimirira, kubwereza chigamulocho mokweza, n'kutsekera ndi liwu lija: doom. Kalekale liwuli linkangotanthauza kuweruza, kaya kumasula kaya kumanga. Koma anthu, mwa chizolowezi chawo, anataya mbali yokomayo n'kusunga yowola: kupereka munthu ku tsoka losathawika.

Khoti litathetsa ntchitoyo, mkazi wake Grizel anati zatha. Pakamwa pokha sipanauzidwe.

Usiku wina wozizira, moto utazilala, mphepo ikulira m'chumuni, Lachlan anakhala tsonga pabedi, maso ali chitsinzire. Ndi mawu akukhoti aja anatchula Tam Rennie wa pachigayo, n'kugwetsa liwulo. Lachitatu Tam anamuvuula mumtsinje atafa, pansi pa gudumu lamadzi loyendetsa chigayo chake.

"Mumalankhula kutulo, bambo a Elspet."

"Ine? Mkonono wanuwo ungalole munthu kumveka?"

Kenako anatchula mayi Baillie, wamasiye. Loweruka anaikidwa. Makoma athu ndi opyapyala: anthu omwe kale ankakankhana kukaonerera ponyonga anayamba kudutsira tsidya lina la msewu akafika pakhomo pa Lachlan.

Ulendo wachitatu Grizel anamva, "Elspet Ged..." Anamukhuthulira mwamuna wakeyo beseni la madzi ozizira kumaso. Kuseri kwa khoma, mwana wawo mmodzi yekhayo anatsokomola.

Kuyambira pamenepo sanamulolenso kugona. Ankamuyendetsa uku ndi uku, kumubaya ndi singano, kumununkhizitsa fodya.

"Pang'ono pokha, mkazi wanga, ndakupembani."

"Mukagona kumanda."

Usiku wachisanu Lachlan anagwera pabedi ngati thumba, singano osaimvanso. Kandulo inazima yokha. Mumdimamo munangomveka matabwa akulira, munthu akudzuka kukhala tsonga. Grizel anagwada, n'kuyamba kunenerera ngati pamsika wa nsomba.

"Tengani ine," ananong'ona. "Ndiwonjezapo ng'ombe. Ine ndi ng'ombe, m'malo mwa kamwana kowonda kaja. Simunapindule?"

"Sindigamula ine, mayi," anatero mawuwo. "Ndimangobwereza. Elspet Geddes..."

Grizel anamukanikiza ndi pilo kumaso, osasiya kufikira miyendo italeka kupalapasa.

Kunati zii. Anatchera khutu kukhoma: mwana akupuma.

Ndipamene anamva kanthu kozizira kakukwera kukhosi kwake, kakukhala palilime, kodekha ngati kali ndi nthawi yonse: liwu lija. Anadziluma dzanja mpaka magazi. Koma naye anali atatha masiku asanu osagona, ndipo zikope zinayamba kulemera.