Tsamba Loyamba la Bwana Utsi

Anzake ankamutcha Phwiti, chifukwa anali mtsikana wochepa thupi ndipo sankatha kukhazikika malo amodzi. Ntchito yake inali yokonza mawebusaiti. Lolemba lina m'mawa anakwera masitepe a nyumba ina yosanja, laputopu ili kumsana, n'kulowa m'kachipinda konunkhira fodya ndi matabwa. Mashelefu onse anali odzaza timabokosi ta ndudu zonenepa zija, zokulunga ndi manja, zimene zinkagulitsidwa pa intaneti pokha.

Mwini sitoloyo anaimirira. Anali wamtali, wovala malaya oyera, mawu ake ngati a muulutsi wa pa wailesi.

"Ndinu amene mwabwera kudzandipulumutsa?"

"Tione kaye wodwalayo," anayankha Phwiti.

Atatsegula webusaitiyo anagwira pakamwa. Zilembo zofiira pa tsamba lakuda bii! Zithunzi zinkatseguka mwaulesi moti munthu ukanatha kukasamba n'kubwerako. Batani logulira linabisala pansi penipeni.

"Anakukonzerani izi ndani? Mdani wanu?"

Mwamunayo anaseka mpaka kugwira tebulo. "Ndine ndemwe."

"Mayo ine, pepani!"

"Musapepese. Munthu akasaka ndudu pa intaneti, sitolo yanga imapezeka pa tsamba lachisanu ndi chinayi la zotsatira. Amafikako ndani kumeneko?"

"Ngakhale mayi anu sangafikeko. Ndipatseni miyezi itatu."

Ntchito inayambika. Phwiti anachotsa zofiira zija n'kuika mtundu wa tsamba louma la fodya. Anachepetsa zithunzi kuti zizitseguka msanga pa foni, anaika pofunsa zaka za wogula, ndipo batani logulira analikweza pamwamba. Chinatsala n'kulemba mawu ofotokoza ndudu iliyonse, mawu amene anthu amalemba akamasaka. Koma iye anali asanasutepo chibadwire.

"Tseka maso," anatero mwini sitolo tsiku lina, akumuyandikizira ndudu pamphuno. "Ukumva chiyani?"

"Khofi... ndi dothi longonyowa kumene."

"Lemba zomwezo, kamtima kanga."

Kamtima kanga! Kodi "inu" uja anasanduka liti "iwe"? Zala za Phwiti zinasochera pa mabatani, n'kulemba zosawerengeka.

Kuyambira pamenepo foni yake sinapumenso.

"Wadzuka bwanji, dzuwa langa? Sitolo ilibe fungo iwe ukapanda kubwera."

"Bebi, ndakusowa. Ndimatsegula webusaiti kakhumi pa tsiku, kungoti ndione pamene manja ako anadutsa."

Akulu ake a Phwiti, amene ankakhala nawo nyumba imodzi, anayamba kumuona akusekerera ketulo.

"Ndiye Bwana Utsi akutinji lero?"

"Musamawatchule choncho, akulu!"

"Nanga fodya amabala chiyani? Kwawo unafikako?"

"Amatanganidwa."

"Loweruka bwanji foni yako imakhala zii?"

Zinali zoona. Loweruka lililonse mwamunayo ankazimiririka, n'kutulukira Lolemba ndi chokoleti komanso nkhani za makasitomala ovuta. Phwiti atadandaula, anamugwira manja onse awiri.

"Tamvera, wokondedwa. Tsiku limene tidzafike pa tsamba loyamba, ndidzavala suti n'kupita kukaonekera kwa abale ako. Ndikulonjeza."

Basi, Phwiti anasiya kukhala munthu! M'mawa uliwonse, asanatsuke n'komwe m'kamwa, ankasaka ndudu pa foni. Tsamba lachisanu ndi chiwiri. Lachisanu. Lachitatu. Atafika pa lachiwiri sitolo inakakamira pomwepo masabata awiri athunthu. Ankasintha mitu, kubweza, kusinthanso. Chakudya chinkazizira pambali pa laputopu. Ankazungulira pabalaza ngati wataya makiyi.

"Udzatibowolera simenti, mng'ono wanga," ankatero akulu ake.

Lachinayi lina ali m'basi anasakanso. Tsamba loyamba! Nambala folo! Anakuwa mpaka mayi amene anakhala naye pampando anafumbata chikwama chawo.

Koma chinakankha sitoloyo n'chiyani, popeza sabata imeneyo sanasinthe kanthu? Anatsegula pulogalamu yosonyeza kumene alendo a webusaiti akuchokera. Webusaiti ina yachilendo inali itaika linki yolozera ku sitolo, ndipo anthu ankakhamukira kudzera pamenepo. Anadina akumwetulira, kuti aone woyenera kumuthokoza.

Linali tsamba loitanira anthu ku ukwati.

Maluwa oyera. Mkazi wokongola wa magalasi. Pambali pake, atamukolekera dzanja m'chiuno, Bwana Utsi. Pansi panalembedwa kuti: "Alendo adzalandira ndudu zochokera ku sitolo ya mkwati. Dinani apa muione." Ukwatiwo unali utatsala masabata atatu.

Basi inapitirira siteji yake iye osadziwa. Anabwerera wapansi.

"Tafika, bebi! Tafika!" anafuula mwamunayo atangomuona pakhomo, manja atatambasula.

Phwiti anangoika foni patebulo, tsamba la ukwati lili chotsegula. Manja aja anatsika pang'onopang'ono.

"Ndimati ndikuuze..."

"Liti? Mukudula keke?"

"Ndi zinthu zakalekale izi, makolo analowererapo. Koma mtima wanga uli kwa iwe, ukudziwa."

"Suti yokaonekera kwathu ndi yomweyi mudzavale pa ukwatiyi?"

"Phwiti, chonde, usakweze mawu."

Chitseko chinatseguka. Analowa mkazi wa magalasi uja, atanyamula katoni ya makhadi, akupuma mofulumira chifukwa cha masitepe.

"Dadi, makhadi atuluka! Aa, muli ndi mlendo? Kapena ndinu katswiri wa webusaiti uja? Achemwali, manja anu ndi odala! Amuna angawa sasiya kukutamandani." Anaika katoni pansi n'kumugwira Phwiti dzanja mwansangala. "Ndikupempheni kanthu. Tsamba lathu la ukwati likuchedwa kutseguka pa foni. Simungatikonzere?"

Phwiti anayang'ana dzanja lofundalo. Kodi mkazi ameneyu anamulakwira chiyani? Akanatha kungoti ndatanganidwa n'kutuluka. Anayang'ana mwamunayo, ndipo anamuona akupukusa mutu pang'ono, maso akuchonderera. Ngakhale pamenepa ankafuna kuti Phwiti amugwirire ntchito!

Phwiti anatola foni yake, natsegula mauthenga a mwamunayo n'kupatsa mkaziyo.

"Werengani kaye izi, achemwali. Mukamaliza mundiuze ngati tsambalo likufunikabe."

Chala cha mkaziyo chinkakwera, kutsika, kuima. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi bulauzi, n'kuwavalanso.

"Mami, ndikufotokozere..." anayamba mwamunayo.

"Khalani pansi," anatero mkaziyo osamuyang'ana. Ndipo mwamuna wamtali uja anakhaladi pansi, pa katoni ya makhadi.

Mkaziyo anabweza foni. Mawu ake anali owongoka.

"Munkadziwa za ine?"

"Ndadziwa lero, m'basi."

"Munditumizire onsewa. Nambala yanga ili pa tsamba lomwelo."

"Ndi ambiri. Apitirira mazana atatu."

"Nthawi ndili nayo."

Phwiti analemba mawu achinsinsi olowera mu webusaiti pa kapepala, n'kukasiya patebulo. Anatuluka mutu uli chilili, koma anangotsika masitepe asanu n'kuima. Anakhala pomwepo, pa simenti yozizira, n'kuyamba kutumiza.

Sakanatha kutumiza osawerenga. Uthenga uliwonse unkadutsanso m'maso mwake usanapite kwa mkazi winayo. Pofika wakhumi, misozi inali itanyowetsa galasi la foni moti chala chinkaterereka.

Anaipukuta ndi siketi, n'kupitiriza.